Chithunzi cha Amake Joyisi Chili ndi Mwini Wake

Lolemba

Chiperoni kuyambira m'mawa. Mawondo akuwawa. Adikire kaye mawondowo, lero pali nkhani.

Komiti ya bungwe lathu la alimi a tiyi yandisankha kuti ndidzayankhule Loweruka, pa tsiku la alimi. Ine! Kudzabwera alendo akunja amene amagula tiyi wathu. Mutu wake: kathyoledwe koyenera, masamba awiri ndi nsonga.

Chaka ndi chaka woyankhula amakhala a Sikelo. Munthu ameneyu moyo wake wonse pa esiteti anali kalaliki woyeza madengu pansi pa mtengo, n'chifukwa chake tinawapatsa dzinali. Tsamba sanathyolepo mpaka atapuma ntchito. Koma poti amadziwa kunena "ledizi eni jentulumeni", komiti imangoti a Sikelo, a Sikelo. Ine kapitawo wa othyola, imvi zinandimerera m'mizere ya tiyi, ntchito yanga pa tsiku la alimi ndi kunyamula mabenchi.

Chaka chino mlangizi watsopano, a Tiyamike, akuti ayankhule amene anaigwira ntchitoyo ndi manja. Mtsikana woleredwa bwino.

Masana. Ku ofesi ya bungwe. A Tiyamike akuti masiku ano munthu sayankhula chimanjamanja, pamafunika zithunzi zowalitsa pakhoma ndi pulojekita. Atsegula laputopu, akufufuza pa intaneti zithunzi za othyola tiyi kuno kwathu. Zikutuluka ngati ngumbi. Akutsitsa, akutsitsa. Ndati imani!

Amake Joyisi.

Mkazi wanga Esinati, malemu, ali m'masiku awo a mphamvu. Dengu kumsana. Nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu ija. Dzanja lili pamwamba pa tiyi. Ndakhala pansi osapempha mpando.

Tsikulo ndikulikumbuka. Kunabwera mzungu wa makamera, manijala anati ndimuperekeze m'munda. Chikwama chake ndinanyamula ndine. Amene anamulozera wothyola bwino pa gulu lonse ndine. Anati akafika kwawo atitumizira chithunzi. Tinadikira mpaka Joyisi anakula n'kukwatiwa. Amake anapita osachiona. M'nyumba mwanga mulibe chithunzi chawo, kupatula kachiphaso kovotera kamene akuonekapo ngati awagwira ndi mbuzi yakuba.

Koma taonani chipongwe. Pachithunzipo adindapo malemba otuwa, dzina la kampani, kudutsa pankhope penipeni. Pansi pake pali Chizungu. A Tiyamike andimasulira: "Mayi wosadziwika dzina akuthyola tiyi."

Wosadziwika! Kwa ndani?

Ndati chithunzi chapezeka, ikani chimenecho poyambirira, dzina lawo ndidzalitchula ndekha pamaso pa alendo. A Tiyamike akanda m'mutu. "Agogo, chimenechi chili ndi mwini wake, ndi kopiraiti. Ndiye poti zonse tidzaziika pa intaneti, angasumire bungwe lonse."

Ndati mwini wakeyo ndi uyu wakhala pampando wanuyu.

Akuti ayi, mwini chithunzi ndi amene anadina batani.

Zimene zili pachithunzipo:
Mkazi: wanga.
Nsalu: ndinagula ndine ku Luchenza.
Dengu: zingwe zake ndinamanga ndine.
Tiyi: wa esiteti, chabwino, sinditsutsa.
Chala chodina batani: cha mzungu.

Chala chimodzi chapambana zonsezi!

Lachiwiri

Nzeru yandifikira ndikumwa tiyi wa m'mawa. Ngati vuto ndi malemba, malembawo achoke. Udzu ukamera m'munda timapalira, sitilembera kalata.

Kabaza mpaka ku Luchenza. Wakabaza akukamba za mpira njira yonse. Sindinamufunse.

Pafupi ndi siteji ya maminibasi pali bambo wa shopu yojambula zithunzi za ziphaso. Ndamufotokozera nkhani yonse, kuyambira pa chikwama cha mzungu. Wamvera theka. Akuti, "Madala, zosavuta izi, pali pulogalamu yake imafufuta yokha."

Wachipeza pa intaneti. Wayamba wasindikiza cha malemba chija kuti tifanizire. Kenako wadina, wadina, tadikira. Malemba achoka ndithu.

Amake Joyisi nawonso achoka.

Watuluka mzimayi wina wake. Mphuno yowongoka ngati pensulo. Milomo yopaka utoto. Mpata wa pakati pa mano akutsogolo, umene unandisokoneza mutu ndili mnyamata, watsekedwa. Mphini za patsaya zapita. Ngakhale padzanja, pamene panalibe lemba n'limodzi lomwe, pulogalamuyo yakonzapo: zala sikisi!

Ndati uyu ndani? Akuti, "Yawakongoletsa, madala, anthu masiku ano amafuna choncho." Ndati mkazi wa zala sikisi ndikanadya naye m'mbale imodzi zaka zonsezija osadziwa?

Ndalipirabe. Wakabaza akakufikitsa pa maliro olakwika sakubwezera ndalama.

Madzulo ndadzera ku ofesi, mapepala onse awiri ali m'thumba la jekete. Ndawaonetsa a Tiyamike chokonzedwa chija. A Tiyamike aseka mpaka misozi, apepesa, asekanso. Akuti kufufuta malemba ndi mlandu woposa woyamba uja. "Zili ngati kutenga mbuzi ya mwini n'kuidula khutu kuti chizindikiro chisaoneke." Ndati mbuziyo ndi yanga. Akuti, "Agogo, tabwereranso pa dzulo paja."

A Sikelo ali pomwepo, akuti abwera kudzatchaja foni. Chifoni chachikulu ngati mbale, anawatumizira mwana wawo wa ku Joni. Akhala pabenchi phee, akufunsa mwaulemu ngati mwana wa Sande sukulu: "Ndiye mwati mwini ndi wodina batani, madamu? Ngakhale mkazi akhale wa wina?"

Munthu ameneyu akayamba kufunsa mwaulemu, dziwani kuti dengu la wina lipepuka.

Mzimayi wa zala sikisi ndakolezera moto. Wayaka bwino.

Lachitatu

A Tiyamike akuti njira yolondola ndi kupempha chilolezo. Kupempha! Ngati kuodira pakhomo pako pomwe. Koma Loweruka likuyandikira. Ndavomera.

Zimene ndawauza kuti amulembere mzungu uja:
1. Munalonjeza.
2. Chikwama chanu chinali cholemera, ndipo munandiponda phazi pa mlatho osapepesa.
3. Mayiyo ali ndi dzina.
4. Chotsani malemba pankhope pa mkazi wanga.
5. Kodi manyazi mulibe?

Zimene alemba iwo: timizere tochepa, todzaza ndi "pulizi" ndi "kaindili". Za phazi sanaikemo. Ndaona ndi maso anga, mawu a Chizungu akuti futi mulibe.

Yankho lafika tiyi asanazizire m'kapu. Ndimati mzungu wachita manyazi. Ayi ndithu. Ayankha ndi makina. A Tiyamike akuti mzungu uja zithunzi zake zili m'manja mwa kampani, mwini wakeyo kaya ali moyo kaya anatsogola. Makinawo akuti zikomo kwambiri, munthu adzatiyankha pakapita masabata angapo, koma ngati tili pachangu tikhoza kugula chilolezo lero lomwe, ndi madola.

Mtengo wake andinong'oneza. Sindiulemba muno, ungandidetsere buku.

Kwathu kuno sitilowola. Mayiyu ndinawakwatira ndi khasu ndi ulemu basi, ndinalimira apongozi, ndinamanga nyumba pamudzi pawo. Ndiye lero ndikalowole chithunzi chawo kwa azungu?

A Tiyamike akuti zilipo zithunzi zaulere, zimene eni ake anavomereza kuti aliyense agwiritse ntchito, bola kulemba dzina la wojambula pansi pake. Andionetsa. Azimayi a ku India, kadontho pachipumi, dengu lomangirira kumutu. Mapiri osati athu. Wina akuthyola atavala magolovesi oyera, akumwetulira ngati ali pa ukwati. Munthu amene mame amufika m'chiuno samwetulira choncho. Ndakana zonse.

Atopa nane, ndikuona. Akuti mawa ndi mkuja ali ku maphunziro ku Bvumbwe, chithunzi chilichonse chimene ndipeze chifike pa foni yawo Lachisanu madzulo. Potseka laputopu akuti, "Kapena jambulani chanu, agogo. Mukadina nokha, mwini ndinu."

Mukadina nokha!

Ndabwerera kunyumba mawondo osawamva. Malemu ali ndi mng'ono wawo, alamu anga a Rozina, ogulitsa nthochi ku Luchenza. Amuna awo anapita ku Mozambiki kukagula chimanga, mpaka lero akugulabe. Msinkhu womwewo, tsaya lomwelo, mpata wa mano womwewo. Ndipo pogawana zovala za malemu, achimwene awo a Jemusi, eni mbumba, amene anandilola kukhalabe pamudzi pano ndi kulima munda uno, anandisiyira nsalu imodzi. Yobiriwira ya maluwa achikasu ija. Yasuluka koma ndi yomweyo, ili m'sutikesi. Dengu lilipo. Foni ndili nayo, ndi ya mabatani koma kamera ilipo.

Ndijambula chimodzimodzi. Ndidzawauza alendo kuti umu ndi mmene ankathyolera Esinati, ndipo ichi ndi changa. Azungu akhale ndi malemba awo!

Lachinayi

A Rozina afika ndi mawu kale. "Nthochi zanga zikawola lero muzidya nokha, alamu, ndi makoko omwe."

Alowa m'nyumba kukavala. Atatuluka ndi nsalu ija ndayang'ana kumbali. Ndawauza kuti ndi utsi. Akuti moto sunakolezedwe. Ndati tiyeni, tikuchedwa.

Njira yopita kumunda imadutsa pa mjigo. Chimenechi sindinachiganizire. Azimayi odzaza. Mpope unali kulira, wangoti zii. Maso onse pa nsalu, kenako pa ine, kenako pa nsalu. Wina wanena chapansipansi, koma mokwanira kuti ndimve: "Eee, nsalu ija yapeza mwini." A Rozina m'malo moti akhale chete akweza mawu: "Patukani, amuna anga akukandijambula!"

Chilamu chimenechi ankachita malemu ali moyo, tonse tinkaseka. Lero palibe waseka. Angoyang'anizana.

Ndilibe nthawi ya za pamjigo. Ndili pa ntchito.

Malo amene tayesa:

Munda weniweni uja, kumene mzungu anajambula. Tiyi anazula. Pali mitengo ya makademiya mizere mizere. Palibe anandiuza. Ndaima pamenepo ngati munthu wofika pa mudzi wosamuka.

Munda wanga. Ndinadulira sabata yatha, poti nyengo yake ndi ino. Timitengo totuwa, tsamba n'limodzi lomwe. Kuchita zinthu pa nthawi yake kwandipweteka.

Munda wa esiteti, kutsidya kwa mtsinje. Wobiriwira ndithu. Talowa. Ndawaimika a Rozina, ndawakoleka dengu, ndabwerera m'mbuyo. Chiperoni chatsika nthawi yomweyo ngati chinatidikirira kuseri kwa phiri. Ndadinabe, kangapo.

Kenako wenzulo! Mlonda. Bambo wa ndevu zake, amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira mpeni wodulira. Wavula chipewa, ulemu ulipo, koma akuti, "A kapitawo, dengu, m'munda mwa kampani, anthu awiri opanda nambala. Inuyo mukanakhala ine mukanalemba chiyani?" Ndati tikungojambula. Akuti kujambula m'munda muno kumafunika chilolezo cha manijala.

Chilolezo chinanso! Ndati kodi tiyi nayenso ali ndi kopiraiti? Akuti iye sadziwa, amangodziwa wenzulo.

Watiperekeza mpaka pa mlatho. Mlatho womwe uja wa phazi.

Kunyumba ndavala magalasi kuti ndione zimene ndajambula.
Choyamba: utsi.
Chachiwiri: chala changa.
Chachitatu: chinthu chakuda pakati pa utsi, chikhoza kukhala a Rozina, chikhoza kukhala ng'ombe.

A Rozina anditukwana m'Chilomwe chozama, china sindinachimveko chimwalirire apongozi. Adya kalongonda wanga yense. Akuti mawa abwera komaliza, ndipo akutero chifukwa cha achemwali awo, osati chifukwa cha ine.

Lachisanu

Dzuwa! Lero lokha.

M'dera lonse lino munda wosadulira ndi umodzi. Wa a Sikelo. Sanadulire chifukwa sadziwa nyengo yake. Umbuli wawapatsa munda wobiriwira, ine nzeru zandipatsa nkhuni.

Ndisanaganize zokawapempha afika okha pakhomo, manja kumbuyo. "Ndamva mavuto anu, a kapitawo. Munda ulipo, foni ilipo. Ndife anthu amodzi."

Ndinayenera kuthawa pomwepo.

Ndati chabwino, koma wodina ndine. Akuti, "Mosavuta."

M'munda. A Rozina pamalo pake, nsalu, dengu, dzuwa likuwomba bwinobwino patsaya. A Sikelo andipatsa chifoni chija. Batani palibe! Galasi lokhalokha. Akuti gusani pa kabwalo koyerako. Ndagusa. Zii. Ndagusanso. Zii. A Sikelo akuti mwina chala changa n'chouma kwambiri, foni siikuchimva. Chala chimene chathyola tiyi moyo wonse, foni ikuti si chala!

Ndachinyowetsa ndi malovu. Ndagusa mwamphamvu. Foni yatembenuka, yandijambula mphuno zanga ndi m'kati momwe.

Ndakweza maso, ndipo ndaona zoopsa. A Rozina agwira tiyi ngati akuthyola nkhwani, dzanja lonse fumbata, masamba, ndodo, zonse. Mng'ono wake weniweni wa Esinati! Ndakuwa kuti awiri ndi nsonga. Akuti, "Ine ndimadziwa nthochi, alamu, nthochi sitiwerenga masamba."

Sindinapirire. Ndati a Sikelo, tagwirani kaye. Ndalowa mumzere, ndawagwira dzanja a Rozina kuti ndiwakonze zala: chachikulu apa, cholozera apa. Iwo akuti, "Mundigwire bwino, anthu akuona," n'kuyamba kuseka, mutu kupendekera paphewa langa.

Ndamva kuti tcha.

Ndisanabwerere pamalo panga mtambo waphimba dzuwa. A Rozina avula dengu, akuti zakwana, nthochi zikuwadikira, ulendo. Ndawaitana, sanacheuke.

A Sikelo akuti, "Chatuluka bwino kwabasi. Ndatumiza kale kwa madamu." Ndati ndione. Magalasi ndawasiya kunyumba, galasi la foni likunyezimira. Ndaona zobiriwira ndi zachikasu. Ndati chabwino, nsalu ikuoneka.

Akubweza foni m'thumba akuti, "Kungoti wodina ndine, a kapitawo. Sindikulipiritsani, ndife anthu amodzi. Dzina langa lokha likhale pansi pake, monga ananenera madamu."

Ndawawerengera zonse. Nzeru ndi yanga, nsalu, dengu, mlamu. Akweza chala chimodzi m'mwamba, akuchiyang'ana ngati mwana wawo woyamba. "Chala, a kapitawo. Chala."

Zimene zili pachithunzi chatsopano:
Mlamu: wanga.
Nsalu: yanga.
Dengu: langa.
Tiyi: wa a Sikelo.
Chala: cha a Sikelo.

Lolemba ndinkalimbana ndi mzungu wa kutali. Lero mwini chithunzi amakhala kuseri kwa khola langa.

Palibe kanthu. Mawa woyankhula ndine. Dzina lawo likhale pansi, anthu sawerenga zapansi. Ndasita jekete.

Loweruka

Ndilemba mwachidule.

Holo yodzaza. Alendo kutsogolo ndi mabotolo awo a madzi. Bwana wina wa ku fekitale. A Jemusi eni mbumba, benchi yachiwiri, ndodo pakati pa miyendo. Azimayi a pamjigo onse, ngati anawatumira galimoto.

A Tiyamike afika mochedwa kuchokera ku Bvumbwe. Akulumikiza mawaya akundinong'oneza: "Agogo, chithunzichi mwachiona bwinobwino?" Ndati mwana iwe, sabata yonse wakhala ukundikaniza zithunzi. Ichi chili ndi chilolezo kapena ayi? Akuti chilolezo chilipo. Ndati ndiye ika.

Ndaimirira. Mawu oyamba ndinawakonza kalekale, zaka zonse zonyamula mabenchi zija: "Tiyi wabwino amayambira pa zala." Atuluka bwino. Mlendo wina walemba, kaya wamva chiyani.

A Tiyamike adina.

Khoma lonse! Chithunzi chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi. Ine, ndawerama, ndagwira dzanja la a Rozina ndi manja anga awiri ngati ndikuveka mphete. A Rozina mu nsalu ya malemu, mutu paphewa langa, mano onse panja. Pansi pake dzina la a Sikelo, malemba aakulu ngati a pa basi.



Kenako nthungululu. Mayo ine, nthungululu! Azimayi aimirira, wina wayambitsa nyimbo ya chinkhoswe, ena akuvina pakati pa mabenchi. Wina kumbuyo: "Tinanena ife! Tinanena Lachinayi!"

Ndakuwa kuti ayi, tamverani, nsalu iyi ndi ya Esinati! Nthungululu zawonjezeka. Dzina limene ndimafuna kulitchula mwaulemu pamaso pa alendo latuluka ngati ndikuitana nkhuku, ndipo palibe mlendo walimva.

Alendo akufunsa kuti chachitika n'chiyani. Womasulira ndani? A Sikelo aimirira kale, akonza tayi. Sindikudziwa zimene anena, ndangomva "wedingi". Alendo awomba m'manja. Mmodzi wabwera kudzandigwira chanza. Mayi wachizungu wagwira pamtima, maso ali ndi misozi.

Ndamenya tebulo. Ndati siyani nkhope, yang'anani masamba! Nkhani ndi masamba!

Ayang'ana.

M'dzanja la a Rozina, pakhoma, pamaso pa anthu onse: masamba anayi, ndodo, ndi kanthu kena ngati duwa. A Sikelo anadina ndisanamalize kukonza zala.

Bwana wa ku fekitale watsokomola. Akuti masamba otere kwawo amabweza pa geti.

A Sikelo akuti, "Ndithudi. A kapitawo atibweretsera chitsanzo cha kathyoledwe kolakwika, tiwathokoze. Tsopano, ledizi eni jentulumeni..." Ndipo ayankhula. Mutu wanga womwe uja. Awiri ndi nsonga. Munthu woyeza madengu!

A Jemusi sanavine, sanaseke. Angondiyang'ana kuyambira pachiyambi mpaka pemphero lotsekera.

Pomaliza wapampando akuti, "A kapitawo, poti muli pomwepa, tithandizeni mabenchi."

Ndanyamula.

Lamulungu

Ku tchalitchi anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Mkulu wa mpingo wandikokera pambali, akuti zinthu zotere timayamba tadziwitsa mpingo. Pofunafuna chopereka m'thumba la jekete ndakhudza pepala. Chithunzi cha malemba chija, chimene anasindikiza ku Luchenza. Chakhala mmenemo sabata yonse, chinali nane ngakhale dzulo mu holo.

Masana a Jemusi afika ndi ndodo yawo. Akana mpando, kenako akhala. "Alamu, ife sitikukana. Mwakhala nafe bwino, munda mukuusamala. Koma zinthu zili ndi njira yake. Eni mbumba sitimvera pakhoma."

Ndafotokoza zonse. Mzungu, chikwama, malemba, zala sikisi, madola, makademiya, wenzulo, chala. Amvetsera mpaka kumapeto. Akuti, "Ndiye mukuti chithunzi cha mlongo wanga mwini wake ndi kampani, cha mlongo wanga winayu mwini wake ndi Sikelo. Nanga ine ndine mwini chiyani?" Ndati takulandirani.

A Rozina atulukira nsalu ili m'manja, yochapa, yopinda bwino. Aiika pamiyendo panga. Akuti, "Achimwene, musavutike. Ine ndingakwatiwe ndi munthu wokangana ndi wailesi? Achemwali anali ndi mtima wautali, ine ndilibe." Nkhani yathera pomwepo. A Jemusi apita akupukusa mutu. Pamjigo itha chaka chamawa, kapena chinacho.

Ndimati zatha. Ayi. A Tiyamike pa njinga yamoto.

Akuti alendo achikonda chithunzi, akufuna kukachiika pa tsamba lawo la intaneti kwawoko. A Sikelo, monga mwini, avomera kale. Koma alendowo akuti masiku ano amafunsanso anthu amene ali pachithunzipo. Masiku ano! Nthawi ya Esinati funso limeneli linali kuti?

A Rozina avomera pomwepo, bola dzina lawo alilembe lonse, ndipo atchule kuti amagulitsa nthochi ku Luchenza.

Ine ndakana. Kamodzi kokha sabata ino wina wandipempha chilolezo, ndiye ndikanavomera bwanji? Ndakana mokoma, pang'onopang'ono, kawiri.

A Tiyamike akuti palibe vuto, andidula pachithunzipo. Koma manja sangathe kuwadula, poti agwira dzanja la a Rozina. Ndiye manja anga akupita kunja. Opanda mutu, opanda dzina, akugwira masamba anayi ndi ndodo. Manja a munthu wosadziwika.

Sindinakwiye. Mphamvu zake zatha.

Asanalize njinga ndatulutsa pepala lija. Ndati ichi, ndikachikhoma kuchipinda kwanga, kampani indisumira? Ayang'ana pepala, ayang'ana denga la khonde nthawi yaitali. Akuti, "Agogo, njingayi ikusokosa, funso lanu sindinalimve." Njinga inali isanalire.

Ndakhoma pa msomali wa kalendala. Pamene alemba Chizungu chawo cha wosadziwika ndadula mzere ndi pensulo, ndalemba: Esinati, amake Joyisi. Malemba a kampani akadali pankhope. Akhale. Nkhopeyo ndikuidziwa, sindifuna kuikumbutsidwa ndi munthu.

Dzanja lokha silinadindidwe. Ndavala magalasi, ndawerenga. Zala zisanu. Masamba awiri ndi nsonga.

Chiperoni chabweranso. Mawa mabenchi abwerere kumene tinawabwereka. Andiuza kale.